Mlamba wa Batire ndi Thumba Lofiira

Popeza nkhaniyi yafika kale m'makutu mwanu kudzera kwa anthu amene sanalipo n'komwe, ndipo aliyense akuithira mchere wake, bola ndikuuzeni ndekha mwini wake mmene zinayendera. Ena akuti ndinamangidwa, ena akuti ndinakomoka. Sindinamangidwe ndipo sindinakomoke, ngakhale kuti panafika pena pamene kukomoka kukanandithandiza.

Ine ndine Lyson, ndimakhala kufupi ndi Thuchila, ndipo ntchito yanga ndi yokonza mijigo ndi mapampu. Chakudya chambiri cha pakhomo panga chimachokera ku sikimu ina ya ulimi wothirira cha kuseri kwa Nkando, kumene ndakhala ndikuwakonzera mapampu ndi mapaipi kwa zaka zambiri ndithu. Sikimuyo ili ndi damu lake, ndipo pansi pa damulo pali paipi yaikulu yotulutsa madzi kupita m'ngalande za kuminda. Chaka chino mvula itatha, paipi ija inayamba kutsamwa. Madzi ankangotuluka pang'onopang'ono, tomato n'kuyamba kuweramitsa mitu, ndipo palibe ankadziwa chimene chatseka, chifukwa madzi a m'damumo ndi amatope, ukaviika dzanja zala zako suziona.

Komiti inakhala pansi. Wapampando wake ndi Mayi Muhowa, mayi wosataya mawu, amene akakuyang'ana pamwamba pa magalasi umayamba kukumbukira zolakwa zako za chaka chatha. Anandiuza mosapsatira kuti akufuna kuitana anthu a ku Blantyre okhala ndi zipangizo zoonera pansi pa madzi, ndipo anthuwo akabwera sadzathera pa paipi yokhayo, adzatenga ntchito yonse ya mapampu. Apo ndiye kuti ine ndatsala ndi mijigo iwiri itatu ya m'midzi, imene imatha miyezi osawonongeka. Mantha anandigwira, ndipo mantha a ntchito amalankhulitsa munthu zinthu zazikulu. Ndinaimirira pamaso pa komiti yonse n'kunena kuti andipatse masabata atatu, ndipanga makina anga olowa pansi pa madzi. Mayi Muhowa anandifunsa ngati ndinapangapo. Ndinati ayi, koma ndinaonera pa foni.

"Masabata atatu," anatero. "Loweruka lachitatu masana mutipeze pa damu. Mukalephera, Lolemba ndikuimba foni."

Makina oyamba ndinawapanga m'masiku anayi. Paipi ya pulasitiki yotseka mbali zonse, batire la njinga yamoto m'kati, kumbuyo kafani kochokera m'kompyuta yakufa kuti kazikankha madzi. Ndinakayesa pa dziwe la nsomba la mnansi wanga. Kafani kaja kanazungulira kasanu, n'kuvundula matope onse a pansi, kenako kanakulunga ndere ndi udzu mpaka kanaima. Ndinachotsa zinyalalazo, n'kuyesanso, zomwezo. Sabata yoyamba inathera pamenepo.

Ndinabwerera pa foni paja, ndipo ndinapeza kuti akatswiri a kunja nawonso vuto ili linawakwana, moti ena anasiya mafani n'kuyamba kubera nzeru kwa zamoyo za m'madzi zomwe. Ena akutengera kasambidwe ka nsomba, ena ka mkunga, ena ka kamba wa m'nyanja. Ndinadzifunsa kuti, nanga m'matope ngati a damu lathu katswiri wake ndani? Si mlamba? Mlamba umayenda m'udzu osakodwa, umadutsa pamwamba pa matope osawavundula kwambiri, ndipo pamene maso sakuona umafufuza ndi ndevu. Ndinagula mlamba wamoyo, n'kuuika m'bafa la akazi anga, n'kukokera mpando pafupi. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye ine ndinadekha masiku atatu, pepala ndi pensulo m'manja.

Tsiku lachitatu mayi a Tamanda anaima pakhomo, manja m'chiuno. "Bambo a Tamanda, ndiwo imeneyi tiidya, kapena mukuifunsira?"

Tinaidya, koma nzeru ndinali nditatenga kale. Mchira wa nsomba yanga ya makina ndinadula ku patapata yakutha, n'kuumangirira ku mota ya waipa wa galimoto, imene ntchito yake n'kale lomwe ndi kupita uku ndi uku. Ndevu ndinapanga ndi waya wa mabuleki a njinga, zinayi, zoti zikagunda chinthu nyali iziyaka pa kabokosi kokhala m'manja mwanga kumtunda. Kabokosiko kanali ndi mabatani atatu, ndipo nthambo yaitali yopyapyala inachokera pamenepo kukafika pamsana pa nsombayo.

Chinatsala n'choti izimira ndi kuyandama ndikailamula. Nzeru imeneyo ndinaipeza akazi anga akutumbula makumba. M'mimba mwa makumba muli kathumba koyera ka mpweya, ndipo nsomba ikafuna kukwera kathumbako kamafufuma, ikafuna kutsika kamaphwa. Ine ndinatengera zomwezo koma ndi madzi. M'kati mwa paipi ya thupi lake ndinaika chijakisoni chachikulu, chija amabayira ng'ombe, chokankhidwa ndi kamota, ndipo kunja pansi pa mimba ndinamangirira thumba la dilipi lopanda kanthu, n'kulumikiza ziwirizi ndi kapaipi kake ka dilipi komweko. Chijakisoni chikakokera madzi m'kati, thumba limaphwa, nsomba imalemera n'kumira. Chikawabwezera m'thumba, imapepuka n'kukwera. Zinatheka ndithu, m'bafa muja inamira n'kukwera, ndipo ndinavina ndekha pakhonde, munthu wa ana atatu.

Vuto linali loti penapake pankadontha, ndipo madzi oyera akamadontha m'madzi oyera ungawaone bwanji? Ndinafuna kuwapatsa mtundu. Pamoto panali mphika wa chidede, maluwa ofiira aja timawiritsa n'kumwa, amene mayi a Tamanda amapangira mafilizesi ogulitsa. Ndinatunga kapu imodzi yamphamvu, isanasungunulidwe, n'kudzaza thumba lija. Podontha ndinapapeza nthawi yomweyo, n'kupamata ndi guluu. Kenako ndinaona kuti chidede chikundithandiza, ndiye ndinachisiya momwemo kuti pakadzadontha pena ndidzaone msanga. Akazi anga anayang'ana thumba lija, n'kundiyang'ana ine, n'kunena kuti chinthuchi sichikuwasangalatsa maonekedwe. Ndinawauza kuti sayansi sayang'ana maonekedwe.

Masabata onsewo ndinagwira ntchito chitseko chili chotseka, ndipo sindinauze munthu aliyense chimene ndikupanga, poopa kusekedwa chikalephereka. Munthu ukasunga chinthu m'mimba masabata atatu, tsiku loyamba wina akakufunsa umasanza chonse. Zimenezi sindinazidziwe.

Loweruka lija kunacha ndi dzuwa loswa mtengo, ndipo ndinaopa kuti guluu asungunuka m'njira. Ndinabwereka kulabokosi ya akazi anga, bokosi lozizira lija amagulitsiramo mafilizesi, n'kugoneka mlamba wanga m'menemo, mchira nditaupinda, thumba lofiira lili pamwamba, mawaya m'mbali. Njinga ndinaisiya poopa kuti mabampu amasula zolumikiza. Ndinakwera minibasi pa Thuchila, nditavala ovolosi ndi magambutsi, magolovesi a labala akusuzumira m'thumba la pachifuwa. Mukundiona kale mmene ndinkaonekera, eti? Ine sindinkadziona.

Linali tsiku la msika, minibasi yodzaza mpaka pakhomo. Bokosi ndinaliika pamapazi panga. Pa siteji ina kondakitala anakweza thumba la nandolo, n'kulikhazika pamwamba pa bokosi langa, iye n'kukhalapo. Ndinamuchenjeza kuti muli zinthu zosalimba, iye anati Nkando ndi pompano. Chivindikiro chinabonyokera m'kati n'kufinya thumba lija, kapaipi n'kusomoka pang'ono. Makulabokosi aja ali ndi kabowo kotayira madzi pansi, ndipo ka akazi anga kalibe chotsekera.

Anayamba kuona ndi mayi amene anakhala pambali panga, atafukata mwana. Anayang'ana pansi, n'kukweza mapazi. Kamzere kofiira kanali katatuluka m'bokosi, kakuyenda pang'onopang'ono pansi pa mipando kulowera kutsogolo.

"Achimwene, nyama yanu ikudontha," anatero.

"Si nyama, mayi," ndinayankha.

Ndikanangoti ndi nyama, nkhani ikanathera pomwepo. Kondakitala anatsika pa thumba la nandolo, n'kulikankhira pambali, n'kutsegula bokosi kuti aone chikuipitsa galimoto. Mitu yonse inasuzumira. Munali thumba la dilipi lodzaza ndi zofiira, kapaipi kakudontha, chijakisoni chikuonekera pa kagalasi kamene ndinasiya pamsana, batire, ndi mawaya anayi osongoka atatulukira kutsogolo. Mchira, chinthu chokhacho chimene chikanaonetsa kuti iyi ndi nsomba, unali wopindidwa pansi.

M'minibasi munangoti zii. Ine ndinayesa kuti anthu agoma.

Kumbuyo kwanga kunali anganga ena a chipewa cha mlaza, atagwira mipini ya makasu yokagulitsa. Anatsokomola pang'ono, n'kuloza chijakisoni ndi chala.

"Pepanitu bambo, ife ndife osaphunzira. Chimenecho ntchito yake n'chani?"

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Masabata atatu palibe anandifunsa funso lokoma ngati limenelo. Ndinatembenuka bwinobwino kuti onse amve.

"N'chopopera, anganga. Chimapopa chokha."

"Chokha?"

"Chokha. Ine ndimangokhala patali n'kudina batani. Ndipo sichichita phokoso, simungamve n'komwe kuti chayamba."

"Oho. Nanga timawayati?"

"Timeneti n'tofufuzira. Ngakhale mumdima woti bii, chimapeza chokha pamene chikufuna. Tikangokhudza, kwa ine nyali imayaka, ndiye ndadziwa kuti chafika."

"Thumbali limadzaza nthawi yaitali bwanji?"

"Mphindi ziwiri sizikwana."

Mayi uja anasamutsira mwana wake mbali ya windo. Ndinaona, koma ndinayesa kuti mwana akufuna mphepo.

"Munayamba mwachiyesapo?" anganga aja anafunsanso, mawu ali pansipansi.

"Kunyumba kokha, kwa akazi anga. Lero ndiye ndikukachiyesa pagulu. Anthu andidikira kale."

"Wakutumani ndani?"

"Komiti."

Dalaivala anatsitsa wailesi. Wina kumbuyo ananong'ona mawu amodzi, ndipo mawu amenewo anafika m'khutu mwanga. Anati namapopa.

Kwa amene si a kuno, zaka zingapo zapitazo kunabuka mphekesera zoti kuli anthu oyenda ndi zipangizo zopopera anzawo magazi, anamapopa. Palibe anagwirapo mmodzi ndi umboni, koma anthu osalakwa anamenyedwa, ena anataya miyoyo, chifukwa chongonyamula chikwama chachilendo. Ine ndinaziona ndi maso anga nthawi imeneyo, ndipo ndinali m'gulu la anthu odzudzula kuti ndi umbuli. Lero ndinali nditakwera minibasi ndi thumba lofiira m'bokosi lozizira, n'kufotokoza ndekha, mwaulemu, mwadongosolo, mmene ndimapopera anthu asakumva. Ndinayamba kubwereza m'mutu mayankho anga onse limodzilimodzi, ndipo sindinapeze ngakhale limodzi limene munali mawu akuti madzi.

Tinali titafika pa Nkando. Dalaivala sanadikire kufika pa siteji, anaima pomwepo, anthu n'kutsika mothinana pakhomo, ine n'kutsika pomaliza nditakumbatira bokosi langa. Nkhani inathamanga kuposa ine. Ndisanaponde kawiri, ogulitsa kaunjika, a kabaza, amayi a tomato, onse anali atandizungulira. Sanandigwire, sanakuwe, anangosiya mpata pakati pa iwo ndi ine, ndipo mpata umenewo ndi umene unandiopsa kwambiri. Ndinaganiza za ana anga, sindikunama.

"Abale anga, tamverani," ndinatero. "Ichi si chimene mukuganiza. Iyi ndi loboti."

"Maloboti timawadziwa," anayankha mkulu wina wa kabaza. "Ali ku Limbe, amaimitsa magalimoto. Alibe jakisoni."

"Ndikutanthauza kuti ndi nsomba. Mlamba."

"Mwati loboti, pano mwati mlamba. M'galimoto mumati chopopera. Chenicheni n'chiti?"

Ndinayesa kutulutsa mchira kuti auone, koma chifukwa cha phuma, m'malo mwa mchira ndinagunda batani. Kamota kanalira, chijakisoni n'kuyamba kukoka, zofiira zija n'kuyamba kuyenda m'kapaipi anthu onse akuona. Bwalo lija linakula ndi mapazi awiri.

Apa ndi pamene ndinapeza nzeru imene mpaka lero akazi anga akaikumbukira amakhala pansi. Ndinati mumtima, umboni wosatsutsika ndi woti ndimwe. Munthu akaona ndikumwa adziwa kuti ndi chakumwa. Ndinadina batani lobwezera, n'kusomola kapaipi, n'kukaika pakamwa, n'kufinya thumba lija ndi manja awiri. Chidede cha sabata yathunthu, chopanda shuga, chofunda, chonunkha guluu. Chinandiwawasa mpaka m'makutu, koma ndinameza, china n'kutsikira m'ndevu ndi pachifuwa. Nditamaliza ndinakweza thumba lophwa m'mwamba n'kumwetulira kuti onse aone kuti palibe choopsa.

Mwaganizapo mmene mano amaonekera munthu akamwa chidede?

"Akumwanso," anatero mayi wa mwana uja, motsitsa, ngati akuuza mwanayo.

Sindikudziwa kuti zikanatha bwanji. Ndinaona mkulu wa kabaza uja akuimika njinga yake bwinobwino, monga amachitira munthu wofuna kuti manja akhale omasuka. Kenako bwalo linang'ambika mbali imodzi, ndipo analowa Mayi Muhowa, atanyamula jumbo ya mchere ndi sopo, akuchokera kogula zinthu asanapite ku damu. Munthu yekhayo m'boma lonse la Mulanje amene ndinkafuna kuti tsiku limenelo andione ndili katswiri, anandipeza nditaima pakati pa msika, pakamwa pali psuu, thumba la dilipi lili m'mwamba.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi kwa nthawi yaitali. Kenako anayandikira, n'kulanda thumba lija, n'kudonthezera kotsala pa chala, n'kununkhiza, n'kulawa. Analavula.

"Chidede ichi," anauza gulu. "Chosasa. Awa ndi a Lyson, okonza mijigo. Mjigo wa kuseri kwa msika kuno anakonza ndi iwowa, madzi ake mwamwa m'mawa uno. Mutu wawo ndi umene sindingauikire umboni."

Amayi awiri a tomato anabwera kudzalawa nawonso, mmodzi n'kunena kuti akazi anga amachedwa kuphula. Wina anaseka, wina n'kutsatira, mpaka mkulu wa kabaza anakweranso njinga yake. Ine ndinafuna kugwada kuti ndithokoze, koma Mayi Muhowa anali atayang'ana kale dzuwa.

"Masana akwana. Pukutani pakamwa, tiyeni."

Sitinapite awiri. Theka la anthu amene anandizungulira linatitsatira, ena wapansi, ena pa kabaza, chifukwa munthu amene waona chiyambi chotere sangapite kunyumba osaona mathero. Anganga a chipewa cha mlaza nawonso anabwera, mipini yawo ili paphewa, malonda atawaiwala. Pa damu tinapeza komiti yonse itakhala pamthunzi, ndipo nkhani inali itawapeza kale.

Ndinatseka valavu ya kumunsi kuti paipi isakoke chilichonse, n'kulumikizanso kapaipi, n'kuwongola mchira, n'kuika mlamba wanga pamadzi. Ndinadina batani loyamba. Mchira unayamba kupita uku ndi uku, nsomba n'kunyamuka bwinobwino, kudutsa m'ndere osakodwa, madzi osavunduka. Ndinamva anthu akung'ung'udza mogoma, ndipo mtima unayamba kubwerera m'malo. Itafika pakati, pamwamba pa pamene pali paipi, ndinadina batani lomiza. Kamota kanalira. Nsomba inangokhala pamwamba, ikugwedeza mchira. Ndinadinanso. Inazungulira kamodzi, ikuoneka yosangalala kwambiri.

"Imira liti?" anafunsa Mayi Muhowa.

Yankho lake ndinali nditalipeza, ndipo silinali labwino. Nsombayo imamira ikakokera madzi a m'thumba m'kati. Madzi a m'thumbawo anali m'mimba mwanga.

"Ndamwa kulemera kwake, mayi," ndinatero.

Ndinaikoka ndi nthambo kubwerera kumtunda. Madzi oyera panalibe pafupi, ndipo anthu anali atayamba kuseka mokweza, ndiye mwaphuma ndinatunga a m'damu momwemo, a m'mphepete, n'kudzaza thumba. Ine amene ndimalalikira alimi tsiku ndi tsiku kuti pampu sifuna madzi osasefa. Ulendo uno inamira. Inatsika mwaulemu, nthambo ikutsetsereka m'zala zanga, mamita awiri, atatu, ndipo patapita kanthawi nyali ya pa kabokosi inayaka. Ndinaibweza pang'ono, nyali n'kuzima, n'kuipititsanso, n'kuyakanso. Ndevu zinali zitapeza chinthu chofewa, chachikulu, pakamwa penipeni pa paipi. Ndinalengeza zimenezi mokweza, ndipo a komiti ena anawomba m'manja.

Kenako ndinadina batani lokweza. Kamota kanabuula kudzera m'nthambo, n'kusiya. Matope anali atatseka kapaipi ka dilipi. Ndinakoka nthambo, koma inalimba, ndevu zinali zitakodwa m'chinthu chija, ndipo ndinadziwa kuti ndikakoka mwamphamvu idzaduka. Tsopano pakamwa pa paipi panali zinthu ziwiri zotseka, ndipo chimodzi ndinabweretsa ndine.

Mayi Muhowa anangotsegula kachikwama kawo, n'kutulutsa foni, n'kuiika pamwendo.

Makina amene ndinapanga kuti munthu asalowe m'madzi anafuna munthu woti akawatenge. Ndinavula magambutsi, n'kuvula ovolosi, n'kutsala ndi kabudula wa mpira amene sanasokedwe kuti adzaonedwe ndi komiti. Amayi anayang'ana kuphiri. Ndinalowa m'matope a m'mphepete mpaka m'mawondo, n'kuima pamenepo kanthawi ndikusonkhanitsa mtima, kenako ndinasambira kutsata nthambo, n'kukoka mpweya, n'kumira. Pansi pamenepo ndi mdima, ndipo ndinafufuza ndi manja monga momwe mlamba unandiphunzitsira. Ulendo woyamba ndinangogwira mchira wa patapata mpweya n'kutha. Wachiwiri ndinagwira chinthu chija n'kuzindikira kuti ndi masikito akale, amene wina ankaphera nsomba n'kuwataya, atakulunga nthambi ndi matumba a feteleza. Wachitatu ndinaponda pakhoma la paipi n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse, ndipo mtolo wonse unazuka, mlamba wanga uli pakati.

Anthu anathandiza kukokera mtolowo kumtunda. Ine ndinathamanga chomwecho, madzi akuchucha, kukatsegula valavu. Paipi inatsokomola kawiri, n'kulavula matope akuda, kenako madzi anabwera odzaza ngalande, akuthamangira kuminda. Ndinasangalala moti ndinaiwala kuti ndavala chiyani. Mayi Muhowa anayang'ana madzi aja, n'kubweza foni m'kachikwama.

"Ntchito ndi yanu, a Lyson," anatero. "Chinthu chanucho chapeza malo, inu mwachotsa. Awiri inu mukakhala pamodzi mumakwana munthu mmodzi. Koma taonani miyendo yanu."

Ndinayang'ana pansi. Kuyambira m'akakolo mpaka m'ntchafu munali misundu, yakuda, yonenepa, ina itatupa kale, ndipo timizere tofiira tinkatsika m'miyendo. Ulendo uno sichinali chidede. Ine misundu ndimaiopa kuposa njoka. Ndinayamba kudumphadumpha ndikupempha aliyense amene ali ndi mchere, ndipo Mayi Muhowa anayamba kumasula jumbo yawo.

Anganga aja anayandikira, n'kutsamira pa mipini yawo, n'kuwerama kuti aone bwino. Anaiyang'anitsitsa misundu ija mmene ankayang'anira chijakisoni m'minibasi.

"Musaithire mchere msanga, mayi," anatero. "Asiyeni akambirane kaye. Ndi anzawo a pantchito."

Anthu anagwa pansi ndi kuseka, a komiti omwe, ndipo Mayi Muhowa anachita kuvula magalasi kuti apukute misozi, chinthu chimene akuti sichinaonekepo chiyambire sikimuyo. Ine ndinaima pamenepo ndi kabudula wanga, akundiwaza mchere ngati usipa.

Mapampu ndikukonzabe, tomato anadzuka, ndipo mlamba wachiwiri ndikuupanga, wokhala ndi sefa. Koma ndinalumbira pamaso pa akazi anga kuti m'makina anga simudzalowanso chinthu chofiira, ngakhale waya, ndipo munthu akadzandifunsa m'minibasi kuti m'bokosi muli chiyani, ndidzati ndi nyama.